Namwino wa odwala khansa akaweruka, muzimulandira chonchi pakhomo

Ngati m'nyumba mwanu muli namwino wogwira ntchito kuwodi ya odwala khansa ku Steve Biko Academic Hospital, mukudziwa kale malowedwe ake: nsapato pakhomo, chikwama pansi, iye khuu pampando, yunifomu osavula. Wagwira maola 12, kuchokera 7 koloko kufika 7 koloko inzake, ndiye muwonjezerepo nthawi ya pamzere wa takisi yopita ku Mamelodi kapena ku Atteridgeville.

Kulema kwake kuli ndi gwero. Kwa zaka zambiri, zipatala za boma zowotcha khansa ndi makina m'chigawo chonse cha Gauteng zakhala ziwiri zokha, Steve Biko ya ku Pretoria kuno ndi Charlotte Maxeke ya ku Johannesburg, ndipo Charlotte Maxeke itapsa mu Epulo 2021 odwala ena anawatumiza kuno. Koma chomwe chimamudya kwambiri namwino n'chakuti wodwala khansa amabwerabwera kwa miyezi. Namwino amafika podziwa maina a ana ake, ngakhalenso mkono umene mtsempha wake suvuta kupeza. Tsiku lina akalowa m'mawa, apeza pabedi paja pagona wina.

Choncho akafika, musamuchingamire ndi mafunso. Mupatseni madzi osamba ndi chakudya, kenako mumusiye kaye. Akayamba yekha kulankhula, mvetserani basi. Mawu aja akuti "limba mtima, si ntchito unasankha wekha" amatseka pakamwa, ndipo sadzayambanso kukuuzani. Musafunsenso dzina la wodwala kapena kumene amakhala. Lamulo la ntchito yake limamuletsa kuulula, ndiye musamuike pamoto.

Tulo ndiye nkhani yaikulu. Sabata imene ali pa naiti, masana ake ndi usiku, ndipo nyumba yonse iyenera kuvomereza zimenezi. Pawindo kolekani katani wokhuthala. Ngati palibe, bulangete lakuda limagwira ntchito yomweyo. Wailesi itsike, ana akasewere kutali ndi windo lake, foni ikhale kuchipinda china. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo namwino wogona maola atatu ndi amene usiku akayeze mofini wa munthu wodwala mwakayakaya. Abambo, kuphika nsima sabata imeneyo sikuchotsa ulemu wanu. Zochapa nazo muthandize, koma yunifomu muzichapa payokha.

Pali vuto lina limene ife Amalawi tili nalo, ndipo ndilinena mosapsatira. Pamtundu pakapezeka namwino, tonse timamusandutsa chipatala. Azakhali ku Mzimba atumiza chithunzi cha chotupa pa WhatsApp pakati pa usiku, a kutchalitchi amukokera pambali Lamlungu kuti awaone mwendo, mwezi ukatha onse akuyembekezera marandi ake. Pakhale munthu mmodzi m'banja woimirira pakati, wonena kuti, "Achemwali agona, mupite kukiliniki mawa." Namwino akanena yekha amaoneka wonyada, koma mukanena inu zimamveka bwino.

Tsiku lake lopuma likhaledi lopuma. Maliro kapena msonkhano wa bungwe umene angathe kupitako wina, apite wina. Ngati akufuna kukakhala pa kapinga wa ku Union Buildings osalankhula ndi aliyense, mulekeni.

Komabe khalani tcheru. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola mu 2019 kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito kumaoneka m'njira zitatu: kutopa kosatha, kuuma mtima kapena kuipidwa ndi ntchito, ndiponso kulephera kuigwira bwino. Pakhomo mudzaona munthu wokonda kuseka akukalipira ana pa zazing'ono, akulira m'bafa, akudumpha chakudya, kapena mowa ndi mapiritsi ogonetsa zikuchuluka. Zikapitirira sabata ziwiri, mulimbikitseni akaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa ogwira ntchito kuchipatala kwawoko, ndipo mumuperekeze ngati akuchita manyazi. Akangotchula zoti moyo watopa nawo, musadikire kuti kuche. Imbani ku bungwe la SADAG pa 0800 567 567. Nambalayi ndi yaulere ndipo amayankha usana ndi usiku. Ilembeni lero papepala, muimate pafiriji.