Mnyamata wa usipa ndinamulepheretsa ndine

Aphunzitsi anzanga, ana anu akamayankha onse pamodzi mokweza kuti "y = mx + c", kodi mtima wanu umakhala pansi? Wanganso unkakhala pansi, ndipo ndinapusitsika.

Ndinkaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Senga Bay. Mu Fomu 3 munali mnyamata amene mbandakucha uliwonse ankathandiza amayi ake kupikula usipa kunyanja. Pakuwerengera ndalama pamtima panalibe womuposa. Koma pa mayeso a kumapeto kwa teremu funso la mzere woongoka linabwera ngati tebulo la manambala, lopanda equation. Sanalembepo kanthu, ndipo sanali yekha.

Poyamba ndinati ndi ulesi. Nditamuitana, ndinamufunsa kuti: amayi ako akalipira kabaza K3,000 kupita ku Kamuzu Road, chigoba cha usipa atapikula pa K5,000, zigoba zinayi awononga zingati? "K23,000, sala." Zisanu? "K28,000." Nanga ikukwereranji ndi K5,000 nthawi zonse? Anandiyang'ana modabwa. "Si mtengo wa chigoba umenewo?"

Imeneyo ndiye gradient. Ya kabaza, yomwe imatuluka ngakhale asanawerenge chigoba n'chimodzi chomwe, ndiye c, pamene mzere umadula y-axis. Mwanayu ankachita y = 5000x + 3000 tsiku ndi tsiku pamchenga. Ine ndi choko changa ndinamubisira zomwe ankazidziwa kale.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Masabata onse aja ndinkalowera khomo limodzi: ndilembe equation, aloze m, aloze c, ajambule mzere, belu lilire. Sindinawapatsepo nkhani ya m'mawu kuti aisandutse tebulo. Sindinawapatsepo graph kuti andiuze nkhani yake. Ndinkathamangira kumaliza silabasi. Chonsecho, chimene René Descartes anaonetsa mu 1637 n'chakuti equation ndi mzere wojambula n'chinthu chimodzi. Ine ndinazilekanitsanso. Ngakhale ku maphunziro a SMASSE, amene boma linakhazikitsa mothandizidwa ndi JICA, ankatiuza kuti mwana azigwira yekha ntchito, koma ndikabwerera m'kalasi ndinkangoyankhula ndekha.

Zizindikiro zinalipo, ndipo mwina kwa inunso zilipo. Kodi ana anu amafunsa kuti "Sala, tigwiritse fomula iti?" asanawerenge n'komwe funso? Mukalemba 2y = 4x + 6, ndi angati amene amati gradient ndi 4 m'malo mwa 2? Mukachotsa x ndi y n'kuikapo zilembo zina, kodi m'kalasi simuti zii? Ndipo akajambula mzere wokongola ndi rula, munayamba mwaloza kadontho kamodzi n'kufunsa kuti kakutanthauza chiyani? Musanamizidwe ndi makope aukhondo. Anga anali aukhondo kwambiri.

Musanene kuti kulibe zipangizo. Mapepala a graph akasowa, mchenga ulipo, ndipo mtengo wa usipa mwana aliyense wa kunyanja amaudziwa. Funso la MANEB pa MSCE lingathe kubwera m'mawu, m'tebulo kapena pa graph, ndipo tsiku limenelo inu simudzakhala pambali pake.

Mawa musayambe ndi equation. Afunseni ana kuti kwawo amagulitsa chiyani, alembe tebulo, ajambule mzere, ndipo equation aitulukire okha.