Bluetooth siimva chibakera

 Lero mundipirire, ndabwera wokwiya. Pa chinkhoswe china posachedwapa ndinaona mnyamata woimbitsa nyimbo akuwomba sipika ndi chibakera, ati yakana foni. Mnzake n'kumati, "Ikweze m'mwamba igwire netiweki." Netiweki yake iti, abale anga? Bluetooth siidalira nsanja ya kampani ya mafoni ndipo siidya bandulo. Ndi kawailesi kakang'ono kamene kanayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994, ndipo pa zipangizo zambiri kamafika mamita 10 basi. Mukaika foni m'thumba lakumbuyo, thupi lanu lomwe limatchinga.

Chimene ambiri simudziwa n'chakuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mapulogalamu osanjikizana m'kati mwa foni ndi sipikayo. Gawo lapansi limayendetsa wailesi pa 2.4 GHz, pomwenso pamadutsa Wi-Fi, n'chifukwa chake limadumphadumpha m'tinjira 79, ka 1,600 pa sekondi imodzi, kuzemba phokoso. Lapakati limasunga kiyi wachinsinsi. Lapamwamba limadziwa ntchito: A2DP ndi ya nyimbo, HFP ndi yoyankhulirana. Tsono chibakeracho chikonza gawo liti?

Kiyi ameneyu ndiye nkhani yanga lero. Zipangizo ziwiri zikakumana koyamba zimapangana, chilichonse n'kusunga kiyi wake, monga ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi amasungira mawu amodzi. Mbali imodzi ikaiwala panganolo, ina ikakamire bwanji, palibe chimene chiyende. Inu mwabwereketsa sipika mudzi wonse, mafoni ambirimbiri alowamo, kiyi wanu wafufutika, koma foni yanu ikadasungabe wakale. Ndiye mukudabwa chiyani? Fufutani dzina la sipikayo m'foni, muyambe pangano latsopano. Ndibwerezenso: fufutani kaye! Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mumangodinadina ngati batani lakulakwirani.



Palinso khalidwe lina loipa. M'minibasi mukatulukira dzina lachilendo lopempha kulumikizana, mumangovomera osafunsa. Safunsa anadya phula. Mlongo wina anavomera chotero, nambala za abale ake zonse n'kupita kwa munthu amene sanamuonepo. Ndipo uthenga woti mukonzenso mapulogalamu a foni ukabwera, mumaukankhira mawa, ati bandulo yadula, chikhalirecho ya mavidiyo simuisowa. Mu 2017 akatswiri a kampani ya Armis anaulula chibowo chotchedwa BlueBorne, chimene chinkalola wakuba kulowa m'foni popanda mwini wake kuvomera kalikonse, bola Bluetooth ili yoyaka. Mankhwala ake anabwera kudzera mu uthenga womwe mumaukanawo.

Ena mumati Bluetooth imamaliza batire. Kale inkatero ndithu, koma mu 2010 kunabwera Bluetooth Low Energy, imene mawotchi apamkono amagwiritsa ntchito: wailesi yake imagona nthawi yambiri, kudzuka pang'ono, kutumiza, kugonanso. Komabe pagulu, ngati simukuigwiritsa ntchito, izimitseni.

Tibwerere ku sipika. Mukafufuta dzina lija, gwirani batani la Bluetooth mpaka kanyali kayambe kuphethira mofulumira, foni ili pafupi, mafoni a anzanu atazimitsa yawo. Ngati mukulumikiza foni ndi galimoto kapena kompyuta, manambala 6 akaoneka uku ndi uku, ayerekezeni. Akasiyana ngakhale imodzi, kanani, muyambirenso.