Gitala yakale yopangidwa pamanja: ndigule?

Funso: Akulu, mnzanga akugulitsa gitala yopangidwa pamanja, ya zaka 15. Thabwa lapamwamba ndi spruce, m'mbali ndi kumbuyo mbawa. Kumbuyoko kuli kamng'alu. Ndigule?

Yankho: Achimwene, mbawa musaikayikire. Ndi m'bale wake wa mahogany, ndipo imalira mokoma, mosalasa m'khutu. Kamng'aluko mmisiri amamata ndi guluu, kaliridwe osasintha kwenikweni.

Chimene ndimaopa ine ndi khosi. Yezani pa kachitsulo ka fret ya 12: mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi kachitsuloko usapitirire mamilimita 3. Ukapitirira, zala zidzakupwetekani, ndipo ngati khosilo lawerama, kukonzetsa kwake kumatha kukhala kodula. Onaninso kathabwa komangapo nsambo. Pepala likalowa pansi pake, ndiye kuti kayamba kumatuka. Pamenepo nenererani mtengo.

Mukagula, chonde musamaisiye padzuwa, makamaka mu Okutobala.