Ndowe ndi chuma, koma zisakumane ndi madzi akumwa

Ana anga a kwa Jenala, inu amene mwayamba kuweta timbuzi, kankhumba kapena ng'ombe za ngolo, mwachita bwino. Feteleza wakwera mtengo, ndipo mwini khola ndiye akukolola masiku ano. Koma walira mvula walira matope. Ndowe zimene zimabiriwiritsa chimanga zathu ndi zomwezo zimene zimagoneka ana athu pamphasa zikalowa m'madzi akumwa. Ndaweta kwa nthawi yaitali, ndaperekezanso maliro a ana amene anayamba ndi kutsekula m'mimba chabe, n'chifukwa chake ndikukuuzani izi mosabisa.

Chiweto chonenepa, cha ubweya wosalala, chimatha kusunga tizilombo toyambitsa matenda m'matumbo mwake icho chili bwinobwino. Ng'ombe ndi mbuzi zimasunga mtundu woopsa wa E. coli, umene kwa munthu umabweretsa kamwazi ndipo kwa mwana umatha kuwononga impso. M'zitosi za nkhuku ndi abakha mumakhala Salmonella ndi Campylobacter. Ana a ng'ombe otsekula amatulutsa Cryptosporidium wochuluka, kachilombo kolimba khungu kamene kamakhala moyo miyezi ingapo pamalo a chinyezi. Dzuwa ndi kuuma zimapha tambiri, koma pamthunzi ndi m'matope timadikira mvula.

Kuno kwathu madzi ali pafupi. Dera lathu ndi lachidikha, lotsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene mvula yakokolola kumtunda zimathera m'madambo mwathu muno. Pitani kudambo mu Okutobala mukaone dothi la makande mmene limang'ambikira, ming'alu yolowa dzanja lonse. Dothi lokhazikika limasefa madzi akamatsika pang'onopang'ono, koma mng'alu susefa kanthu. Mvula yoyamba ikagwa, madzi akuda ochokera m'khola amalowa m'ming'alumo n'kukafika pansi pamene chitsime chimatunga. Ena amayenderera pamwamba n'kugwera m'chitsime chopanda chivundikiro. N'chifukwa chake matenda a m'mimba amabuka mvula ikangoyamba.

Musanamizidwe ndi mjigo kuti madzi ake ndi abwino nthawi zonse. Yang'anitsitsani simenti yozungulira mjigo wanu. Ngati yang'aluka, ndipo kumapeto kwa ngalande kuli chithaphwi chimene nkhumba zimagonamo, mbuzi n'kumamwa pomwepo zikusiya ndowe, dziwani kuti madzi amenewo atha kubwerera pansi motsata paipi. Mayi amene waika ndowa pamatopepo, kenako n'kugwira m'kamwa mwa ndowayo posenza, wanyamula khola kupita nalo kunyumba.

Madzi osefukira amachita zonsezi tsiku limodzi. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi anagwetsa makola ndi zimbudzi m'boma la Phalombe, n'kusakaniza zonse ndi zitsime zimene anthu ankamwa. Kolera amene anayamba m'dziko muno mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 amachokera m'chimbudzi cha munthu, osati m'ndowe, koma njira imene amadzera pofika mumtsuko ndi yomweyi. Mukatseka njirayo mwatsekera onse.

Ngakhale mayiko olemera zinawaonekera. Mu Meyi 2000, m'tauni ya Walkerton ku Canada, mvula yamphamvu inakokolola ndowe za ng'ombe zimene zinathiridwa m'munda, tizilombo n'kulowa m'chitsime chosazama cha tauniyo. Mankhwala a kulorini sankathiridwa mokwanira. Anthu oposa 2,000 anadwala, asanu ndi awiri anamwalira. Amenewo anali ndi mipope m'nyumba ndi zipatala pafupi. Nanga ife otunga padambo?

Tsono pomanga khola, yambani mwaona kumene madzi amalowera mvula ikagwa. Khola, dzenje la manyowa ndi chimbudzi zikhale kumunsi kwa chitsime, motalikira mamita osachepera 30, ndipo pamene madzi ali pafupi ndi nthaka onjezerani mtunda. Khola likhale ndi denga, ndi kangalande kopatutsa madzi amvula. La mbuzi mangani lam'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi pouma, zosavuta kusesa. Mjigo muutchingire mpanda, ndipo ziweto zizimwera m'chomwera chawo patali. Ndikudziwa kuti ambiri mumagona ndi mbuzi ndi nkhuku m'nyumba poopa akuba. Manthawo ndi omveka, koma mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndipo mwana wotsekulatsekula amapinimbira. Limbitsani khola ndi loko, sesani bwalo mwana asanatsike kumsana, ndipo mumukhazike pamkeka woyera.

Pa manyowa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndowe zaziwisi musathire padimba la mpiru, repu kapena tomato. Ziunjikeni pamodzi ndi mapesi, udzu ndi phulusa, muwaze madzi pang'ono, mufunditse. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakapita masiku angapo izuleni muigwire. Ikatuluka yotentha, ndiye kuti mulu ukupsa ndipo kutenthako kukupha tizilombo. Tembenuzani kuti za m'mphepete nazo zilowe pakati, chifukwa kunja kumazizira. Manyowa okhwima amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira dothi. Ngati mwakakamizika kuthira zosapsa, zikwirireni m'nthaka, ndipo papite miyezi inayi musanakolole ndiwo zokhudza pansi. Musathire ndowe mitambo itachita mdima kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, poti pali anzanu kumunsi amene amamwa madzi omwewo.

Tizilombo tina timakhala m'dothi zaka zambiri. Kafumbata amalowera pabala, makamaka m'nthaka yosakanikirana ndi ndowe, choncho musalowe m'khola opanda nsapato, ndipo amayi oyembekezera asaphonye katemera kusikelo. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, magazi akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo, musaisende ngakhale nkhuli itavuta bwanji. Itanani alangizi a ziweto. Matenda a anthrax, amene anapha mvuu ku Liwonde mu 2018, amasiya mbewu yake m'nthaka pamene mwazi wagwera.

M'nyumba, madzi akumwa muzithira WaterGuard kapena kulorini wa kwa alangizi a zaumoyo, n'kusunga mumtsuko wovundikira wokhala ndi chikho chake chotungira. Madzi akakhala ofiira ndi matope, kapena chigumula chikangodutsa, sefani ndi nsalu yoyera kenako muwiritse, chifukwa Cryptosporidium safa msanga ndi kulorini koma moto sapirira. Ikani mpondagiya ndi sopo pafupi ndi khola monga mumachitira pachimbudzi, muzisamba m'manja musanagwire mwana kapena chakudya.

Mwana akayamba kutsekula, mupatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo, apitirize kuyamwa, ndipo mukaona magazi, maso olowa kapena kufooka, thamangani naye kuchipatala cha Chitekesa kapena china chili pafupi, osadikira kuti kuche kawiri. Nkhani ya chitsime si ya banja limodzi. Khola la mnzanu likakhala kumtunda kwa mjigo, kambiranani mwaulemu, zikakanika pitani kwa amfumu ndi komiti ya mjigo, ndipo mumuthandize kulisuntha mvula isanagwe.