ZA NDOWE ZA ZIWETO NDI MADZI AKUMWA

Mvula ya ku Nkhotakota siigwa yamasewera. M'miyezi ya January, February ndi March mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Kaombe idzaza, madambo asefukira, ndipo madzi onse a kumtunda atsikira kunyanja kupyola m'midzi. Anthu a ku Dwangwa akumbukira bwino cigumula ca m'February 2024 cimene cinagwetsa nyumba zambiri. Madzi otere satenga zinyalala ndi dothi lokha ai. Atenganso ndowe za m'makola, ndipo m'ndowemo muli tizirombo ta matenda.

Tizirombo timeneti sitioneka ndi maso. Ta mtundu wina tikandanda 500 pa mzere umodzi, mzerewo ungolingana ndi kunenepa kwa singano. Tikhala m'matumbo a ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi abakha, ndipo tituruka pamodzi ndi ndowe kapena zitosi. Cobvuta ndi ici: kawirikawiri ciweto cokhala nato sicidwala konse. Ng'ombe yonenepa, yosalala ubweya, ikhoza kumataya tizirombo toyambitsa kamwazi mwa munthu, mwini wace osadziwa kanthu. Madokotala atichula maina a E. coli O157, Salmonella ndi Campylobacter. Palinso kena, Cryptosporidium, kamene kacuruka mwa ana a ng'ombe ndi a mbuzi. Tonseti titsegula m'mimba, ndipo amene apwetekedwa koposa ndi ana ang'ono ndi nkhalamba.

Kolera ndi nkhani yina. Mliri wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, unacokera ku cimbudzi ca anthu, si ca ziweto. Koma njira zimene matenda onsewa ayendamo ndi zomwezo.

Njira yoyamba ndiyo ya pamwamba pa nthaka. Ndowe zikauma kunja, m'kati mwace mukhalabe cinyezi, ndipo tizirombo tikhoza kukhala ndi moyo masabata ambiri, mwina miyezi. Mvula yoyamba ikagwa isungunula ndowe zonse zimene zinaunjikana m'cilimwe, nizikokolorera m'citsime cosamangira, m'zithaphwi zobviikamo cinangwa ca kondowole, ndi pa dooko pomwe amai atsuka mbale ndi kutunga madzi. Nyanja ndi yaikuru ndithu, koma madzi amene munthu atunga ndi a m'mphepete, osaya, omwe mbuzi zaponda m'mawa.

Njira yaciwiri ndiyo ya pansi, ndipo anthu ambiri saiganizira cifukwa siioneka. Madzi akamalowa m'nthaka, dothi ligwira nchito ya sefa. Dothi la makande ndi la katondo liri ndi timipata tating'ono kwambiri. Madzi adutsa pang'onopang'ono, tizirombo tambiri tikodwa ndi kufera momwemo. Mcenga suli comweco. Timipata tace ndi tatikuru, madzi apyola msanga, ndipo tizirombo tipita nao. Tsono midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja iri pa mcenga, ndiponso madzi a pansi ali pafupi, kotero kuti munthu sakumba kwambiri asanawapeze. Anthu akondwera ndi citsime cosabvuta kukumba cotere, koma kufupika komweko ndiko kuopsa kwace, pakuti pakati pa khola ndi madziwo palibe dothi lokwanira kusefa. Madzi ace akhoza kukhala oyera mbee, ozizira bwino, opanda pfungo, koma ali ndi matenda.

Njira zina ndi zodziwika: mapazi ocokera m'khola, cingwe ca ndowa cogwetsedwa pansi, nchenche, ndi mwana wokwawa pabwalo amene atola zitosi za nkhuku nkuika m'kamwa.

Zimenezi zinaonekera poyera m'maiko ena. Ku Swaziland, dziko limene tsopano lichedwa Eswatini, cilala ca 1992, comwe cinabvutanso kuno, cinasonkhanitsa ng'ombe pa madzi ocepa otsala, ndipo zambiri zinafera pomwepo. Mvula yamphamvu itagwa, ndowe ndi mitembo ya ng'ombe zinalowa m'mitsinje, ndipo anthu zikwi zambiri anadwala kamwazi. Ku Walkerton, tauni ya anthu ngati 5,000 ku Canada, mvula ya mu May 2000 inatenga tizirombo ta m'manyowa a ng'ombe amene anathiridwa m'munda, nitilowetsa m'citsime cosaya ca tauniyo. Oyang'anira madzi sanathire mankhwala okwanira. Anthu ngati 2,300 anadwala, ndipo 7 anamwalira. Mlimiyo sanalakwire lamulo liri lonse. Citsime ndico cinali pamalo poipa.

Pa nyanja pali cinanso. Ng'ombe nazo ziri ndi likodzo la mtundu wao, limene mazira ace aturukira m'ndowe, naswera m'madzi, tizirombo tace nkulowa m'nkhono monga licitira la anthu. M'caka ca 2019 akatswiri analengeza kuti anapeza mwa ana a ku Mangochi likodzo losakanizika, la anthu ndi la ziweto. Nyanja ndi imodzi yomweyi, ndipo si nzeru kumwetsa ng'ombe pamalo posambira ana.

Kodi tsono mlimi aleke manyowa? Iai. Feteleza ndi wodula, ndipo nthaka ya mcenga ifuna manyowa koposa ina iri yonse. Cofunika ndi kuwaoletsa. Ndowe ziunjikidwe mulu pamodzi ndi udzu ndi mapesi, pamalo okwera posafika madzi oyenda, ndipo muluwo ubvundikiridwe. Mulu wabwino utentha m'kati, ndipo kutenthako ndiko kupha tizirombo. Uyenera kutembenuzidwa kangapo kuti za kunja nazo zilowe pakati, pakuti m'mbali simutentha. Manyowa akupsa ada, anyenyeka, ndipo sanunkha. Ndowe zaziwisi zisathiridwe m'dimba la tomato, mpiru kapena ndiwo zina zimene zatsala pang'ono kuchoredwa. Ngati zathiridwa, papite miyezi 4 asanayambe kukolola. Wogwira manyowa ali ndi bala ku phazi kapena ku dzanja alimange, cifukwa tizirombo ta kafumbata tipezeka m'ndowe ndipo tikhala m'dothi zaka zambiri.

Khola, dzala la manyowa ndi cimbudzi zikhale kumunsi kwa citsime, ndipo zitalikire mamita 30 kapena kuposa. Pa mcenga nkwabwino kuonjezerapo. Citsime cimangiridwe mpanda ndi khoma lokwera pakamwa pace, ndipo ziweto zimwere m'comwera cao patali ndithu. Pa mjigo napo simenti ikang'ambika ikonzedwe msanga, pakuti madzi a matope alowera m'ming'alumo. Nyakwawa ndi komiti ya mjigo ndiwo ayenera kutsogolera nchito imeneyi mvula isanayambe.

Mankhwala a klorini amene alangizi a za umoyo agawa m'midzi apha tizirombo tambiri, ndipo ayenera kuthiridwa monga mwa malangizo ao. Koma Cryptosporidium ali ndi cikopa colimba cimene klorini salowa bwino. Cifukwa cace, pa nyumba pamene pali ana a ng'ombe kapena a mbuzi otsegula m'mimba, madzi akumwa a mwana wamng'ono aphitsidwe mpaka abwadamuke, azizire m'ciwiya cobvundikira, ndipo amene wacokera m'khola asambe m'manja ndi sopo asanagwire cikho ca mwanayo.