Kukacheza kwa wokondedwa ku UK mapepala asanakonzedwe

Makalata ambiri a sabata ino akukamba nkhani imodzi, ya anthu amene mwamuna, mkazi kapena bwenzi lawo ali ku UK ndipo akufuna kukacheza kwa miyezi ingapo mapepala okakhalira limodzi asanayambike. Ndasankhapo anayi, ndipo monga mwa nthawi zonse maina sinditchula.

Yoyamba yachokera kwa achemwali a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Akuti: "Bwenzi langa limakhala ku Leeds ndipo lili ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Tagwirizana kuti ndipite pa viza ya alendo, ndikakhale miyezi isanu ndi umodzi, tikaone ngati tikugwirizanadi, kenako ayambe mapepala ondiitanitsa. Anzanga akuti pa fomu ndisatchule za chibwenzi, ndingolemba kuti ndikukaona msuweni, apo ayi andikaniza. Nditani?"

Achemwali, kufuna kukaonana kaye musanamange banja ndi nzeru, ndipo malamulo a UK saletsa. Viza ya Standard Visitor imalola munthu kukhala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kukaona abale ndi abwenzi ndi chimodzi mwa zifukwa zovomerezeka. Chimene wowerenga fomu yanu ku Home Office akufuna kukhutira nacho n'chakuti mudzachoka ulendo ukatha, kuti simukufuna kusandutsa maulendo ocheza kukhala njira yokhalira m'dzikomo, ndiponso kuti pali ndalama zokusamalirani popanda inu kugwira ntchito. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo a zolowa ndi kutuluka akufuna umboni woti mame amenewa adzakamukadi. Tsono malangizo a anzanuwo akukonza pamene sipanawonongeke. Mukalemba za msuweni pamene mukupita kwa bwenzi, mwanena bodza pa fomu, ndipo wopezeka ndi chinyengo chotere amatha kuletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka khumi. Mwina muganiza kuti palibe angadziwe. Kumbukirani kuti inu nomwe mukuti pambuyo pake mudzapempha viza ya banja. Pa pempho limenelo mudzafunika kusonyeza kuti ubwenzi wanu ndi weniweni, kuti munaonanapo maso ndi maso, ndiponso kuti unayamba liti. Umboni wanu wamphamvu udzakhala ulendo womwewu: zithunzi za ku Leeds, matikiti a ndege, mauthenga a pa WhatsApp a miyezi ya m'mbuyo. Koma fomu yoyamba ija sitayidwa, imasungidwa pamodzi ndi zidindo za zala zanu zimene munapereka popempha. Wowerenga pempho lachiwiri adzaika mapepala awiriwo pamodzi n'kuona kuti pa nthawi imene munkati mukukaona msuweni munali kale pa chibwenzi ndi amene akukuitanitsaniyu. Pamenepo mudzayenera kusankha: kubisa umboni wanu wabwino koposa, kapena kudziulula nokha kuti munanama. Ndipo pa bwalo la ndege a Border Force ali ndi mphamvu yokufunsani za ulendo wanu, kuimbira foni amene akukulandirani, ndi kukubwezani ngakhale viza muli nayo, ngati mayankho a awirinu akusiyana.

Pamene pafunika kuganizirapo bwino ndi pa kutalika kwa ulendowo. Miyezi isanu ndi umodzi ndi malire amene lamulo laika, sikuti aliyense ayenera kuwafika. Lamulo la ntchito kuno ku Malawi limapereka tchuthi cha masiku 18 pa chaka kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Ndiye munthu akalemba kuti ali pa ntchito koma akachezako theka la chaka, wowerenga amadzifunsa kuti ndi ntchito yanji imene ingamudikire nthawi yonseyo. Ulendo wa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, wokhala ndi kalata ya abwana anu yonena tsiku lobwerera ku ntchito, umamveka kuposa wa miyezi isanu ndi umodzi wopanda chokubwezani kumudzi. Musalembenso masabata atatu mumtima muli miyezi isanu. Viza idzakhala isanathe, inde, koma pa pempho lotsatira amayerekeza zimene munalemba ndi zimene munachita. Za ndalama, bwenzi lanu likhoza kulipira ulendo wonse, malamulo amalola. Alembe kalata yonena zimenezo, aikepo umboni wa malipiro ake ndi wa chilolezo chake. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kubwereka ndalama zambiri n'kuziponya mu akaunti kutatsala masiku ochepa, chifukwa sitetimenti ya ku banki imaonetsa poyera kuti ndalamazo zangotulukira.

Kalata yachiwiri ndi ya abambo a ku Ndirande. Akuti: "Mkazi wanga ndi namwino ku Birmingham ndipo anatenga unzika. Ndikufuna ndipite ngati mlendo, ndikafika tikasinthe mapepala ndili komweko, monga anachitira m'bale wanga ku Canada. Kodi sizingatheke?"

Bambo, m'bale wanuyo sanakunamizeni, koma Canada ndi UK amayendetsa nkhaniyi mosiyana. Lamulo la Canada limavomereza poyera kuti munthu akhoza kulowa ngati mlendo ali ndi maganizo odzakhazikika mtsogolo, bola wogwira ntchito pachipata akhutire kuti adzachoka nthawi yake ikatha ngati pempho lokhazikika silinatheke. Kumeneko mwamuna kapena mkazi wa nzika akhoza kuitanitsidwa ali m'dziko momwemo. Ku UK khomo limenelo n'lotseka: amene walowa ngati mlendo saloledwa kusinthira ku viza ya banja ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera kwambiri zimene munthu wanzeru sangamangirepo ulendo. Muyenera kubwerera kuno n'kupempha muli ku Malawi. Ndipo popeza inu mwakwatirana kale ndipo cholinga chanu n'kukakhala, funso langa ndi lakuti ulendo wochezawo ukupindulirani chiyani. Ndalama za tikiti ndi zokadyera miyezi imene simukuloledwa kugwira ntchito zikanathandiza pa viza yeniyeniyo, imene si yotchipa. Kuyambira mu April 2024 woitanitsa ayenera kusonyeza kuti amapeza mapaundi 29,000 pa chaka, pamene kuyambira 2012 zinali 18,600. Ngati palibe malipiro, pafunika ndalama zosunga zokwana mapaundi 88,500. Inu mudzafunika kukhoza mayeso a Chingerezi a gawo loyambirira la A1, kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chimene iwo anavomereza, ndi kulipiriratu ndalama ya zaumoyo, imene mu 2024 anaikweza kufika mapaundi 1,035 pa chaka. Viza yoyamba imakhala ya miyezi 33, kenako mumawonjezera miyezi 30, ndipo zaka zisanu zikakwana mumapempha kukhazikika. Ziwerengero zimenezi boma lawo limazisintha, choncho tsiku lolemba fomu muzione pa tsamba la gov.uk. Ndiwonjezereko kwa omvera ena amene akazi kapena amuna awo anapita pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala: amene anapempha viza imeneyo kuyambira pa 11 March 2024 saloledwanso kuitanitsa mabanja awo, ndipo kupita ngati mlendo sikusintha zimenezo.

Kalata yachitatu ikunditsutsa, ndipo ndaikonda chifukwa ikunena zimene ambiri amaganiza. Achimwene a ku Mzuzu akuti: "Inu mumangoti tizinena zoona. Ine ndinalemba zoona kuti ndikukaona mkazi amene ndinamutomera, anandikaniza. Mnzanga analemba kuti akupita ku msonkhano wa tchalitchi, anamupatsa, ndipo mpaka lero ali komweko. Wapindula ndani?"

Achimwene, ululu wanu ndi womveka, ndipo sindikuuzani kuti wonena zoona amapatsidwa viza nthawi zonse. Mnyamata wosakwatira, wopanda ntchito yolembedwa, amene mtima wake uli kale ku UK, amakayikiridwa, ndipo nthawi zina amakanizidwa ngakhale anali ndi mtima wobwerera. Kuyambira 2013 wokanizidwa viza yokaona achibale alibenso mwayi wa apilo monga zinalili kale. Ine ndimaona kuti malamulowa amalemera kwambiri pa anthu a m'maiko osauka, ndipo muyezo wa malipiro uja umalekanitsa mabanja enieni chifukwa cha ndalama basi. Nkhaniyo inafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2017, ndipo oweruza anati muyezo wa nthawiyo pawokha unali wovomerezeka, ngakhale analamula kuti boma liziganizira ubwino wa ana. Koma tiyeni tiyerekeze bwino pamene mwaima inu ndi pamene waima mnzanuyo. Inu mwakanizidwa chifukwa sanakhutire kuti mudzabwerera. Chimenecho si chiletso. Kalata yokukanizani inalemba zifukwa, mukhoza kuzikonza n'kupemphanso, bola muzitchula pa fomu iliyonse kuti munakanizidwapo. Chachikulu n'chakuti chifukwa chimene anakukanizirani chilibe mphamvu pa viza ya wotomeredwa kapena ya banja, popeza kumeneko kufuna kukakhala ndiye cholinga chenicheni cha pempho, ndipo fomu yanu yakale ija, imene munatchulamo mkaziyo ndi dzina, ikhala umboni woti ubwenzi wanu si wa dzulo. Mnzanuyo viza yake inatha. Saloledwa kugwira ntchito, ndipo owalemba anthu otere amalipitsidwa chindapusa chachikulu, choncho ntchito zimene angapeze ndi zobisala, zimene bwana akakana kulipira palibe kokadandaula. Ku England kuyambira 2016 eni nyumba amayenera kuona mapepala a munthu asanamupatse nyumba ya lendi. Maliro akagwa kumudzi sangabwere, chifukwa akatuluka kubwereranso n'kovuta: wokhala masiku opitirira 30 viza itatha amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi ngakhale atachoka yekha ndi ndalama zake, ndipo bodza la msonkhano lija likadziwika ndiye zaka khumi zija. Zithunzi zimene amaika pa Facebook sizionetsa zimenezi. A ku Joni nawonso amve: Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka, ndipo wopitiriza kuposa pamenepo, zaka zisanu.

Pali njira ina imene anthu amaiiwala chifukwa maso onse ali pa ndege yopita. Amene ali kunjayo ndiye ali ndi mapepala omulola kuyenda, ndiye abwere iyeyo kuno. Akafika, mukaonekera kwa makolo, ankhoswe adziwana, mwina ukwati umangidwa konkuno, ndipo zonsezo ndi umboni umene palibe angaukayikire, wopezeka popanda inu kuika dzina lanu pachiswe.

Yotsiriza ndi ya mayi a ku Zomba, amene akulembera mwana wawo wamkazi. Akuti: "Chinkhoswe tinachita chaka chatha. Mwana wanga akupita kukacheza kwa mwamunayo ku Glasgow ndipo akuti akadalitsa ukwati komweko. Panopa ndi woyembekezera. Kodi pali choopsa?"

Mayi, pali zinthu ziwiri zoti mwana wanu adziwe asanagule tikiti. Wolowa pa viza wamba ya alendo saloledwa kumanga ukwati ku UK, ngakhale kukalembetsa chidziwitso cha ukwati ku ofesi. Ofuna kukakwatirana n'kubwerera ali ndi viza yawo, Marriage Visitor, nayonso ya miyezi isanu ndi umodzi, koma ukwati ukachitika ayenera kutuluka. Ofuna kukakwatirana n'kukhala komweko amapempha viza ya wotomeredwa: imapereka miyezi isanu ndi umodzi yoti ukwati uchitike, munthu sagwira ntchito pa nthawiyo, koma pambuyo pake amaloledwa kusinthira ku viza ya banja osatuluka m'dziko, ndipo muyezo wa malipiro uja umagwiranso ntchito pamenepa. Za chinkhoswe, lamulo lathu la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, ndipo UK imalemekeza ukwati umene ndi wovomerezeka m'dziko limene unachitikira. Koma wowerenga fomu sanalipo pa tsikulo, ndiye ngati ana anuwo amadziona kuti ndi okwatirana kale, akalembetse ukwatiwo kuno apeze setifiketi, n'kupempha viza ya banja mwachindunji. Chachiwiri ndi pakatipo. Mlendo salandira chithandizo cha chipatala chogonekedwa kwaulere. Ku England amalipitsidwa mtengo wa chithandizocho kuwonjezapo theka lake, ndipo ku Scotland nakonso kuli malamulo olipitsa alendo. Mayi woyembekezera sabwezedwa pakhomo la chipatala, amathandizidwa, koma bilu imatsatira, ndipo ngongole ya chipatala ya mapaundi 500 kapena kuposerapo ikapanda kulipidwa ikhoza kukanizitsa viza ya banja imene akuiyembekezerayo. Awerengere miyezi yake bwino ndi a dokotala, afunse kampani ya ndege malire amene imalola woyembekezera kukwera, aonetsetse ngati inshuwalansi ya paulendo ikukhudza za uchembere popeza zambiri sizikhudza, ndipo tsiku lobwerera likhale lakutali ndithu ndi tsiku lochira.