Uphungu: Tikupita kumudzi, galimoto ya magetsi tiisiye bwanji?

Malume, ndine namwino ndipo ndimakhala ku Leicester, ku Britain. Chaka chatha ine ndi bambo akunyumba tidagula pangongole galimoto ya magetsi yogwirapo kale ntchito, Tesla Model 3. Mu Disembala tikupita kwathu ku Dedza ku ukwati wa mng'ono wanga, ndipo tikakhalako masabata 6. Bambo akuti titchaje batire lidzaze ndithu, tikaisiye ku bwalo la ndege la Heathrow. Alamu anga akuti tiwasiyire aziyendera. Ine ndamva kuti galimoto zotere zimatha moto zili chiimire, ndipo batire likafa mtengo wake ndi woopsa. Tulo sindikupeza, ndipo nkhaniyi yatikanganitsa kale. Nditani? Nambewe, Leicester.

Nambewe, mtima ukhale m'malo. Mukuilira maliro galimoto yamoyo. Komabe sindikukusekani: munthu amene amachezera usiku wonse m'chipatala, n'kumadula ngongole mwezi ndi mwezi, ayenera kugunda mtima akamva kuti chuma chake chingawonongeke iye ali kutali. Uphungu wanga wonse wagona apa: galimotoyo muisiye ndi moto wapakatikati, ndipo muilole igone.

1. Moto umathadi, koma dziwani chimene chimaudya. Batire lalikulu la lithium-ion palokha limataya moto wochepa kwambiri. Amene amaudya ndi makompyuta, makamera ndi zina zimene zimakhala maso galimoto itaima. Buku la malangizo la Tesla limati muziyembekezera kutaya pafupifupi 1 peresenti patsiku. Masabata 6 ndi masiku 42, choncho powerengera ikani maperesenti 42, ngakhale kuti galimoto yogona bwino kawirikawiri sifika pamenepo. Wadyera wamkulu ndi Sentry Mode, makamera aja olondera akuba. Akakhala oyaka, galimoto sigona n'komwe, ndipo imataya maperesenti angapo tsiku lililonse mpaka batire litafika pa 20 peresenti, pamene makamerawo amazima okha. Taonani mapeto ake: mlonda wasiya ntchito ulendo usanafike pakati, moto nawo wapita. Muzimitse musananyamuke, pamodzi ndi Cabin Overheat Protection, yoziziritsa m'kati mukatentha, imene ilibe ntchito m'chisanu cha Disembala ku Britain.

2. Bambo akunyumba ali ndi cholinga chabwino, koma maganizo awo akadali pa thanki ya petulo. Batire lamtunduwu likakhala lodzaza kwa masabata ambiri, maselo ake amakalamba msanga, ndipo mtunda umene limatha kuyenda umachepa osabwereranso. Kulisiya lili pafupi kutha n'koopsa koposa. M'galimotomo mulinso kabatire kakang'ono kamene kamatsegula zitseko ndi kudzutsa makompyuta, ndipo kamadyetsedwa ndi batire lalikulu. Lalikululo likafika pa 0, kakang'onoko kamafa, ndiye mumafika ndi zikwama zanu n'kupeza galimoto siikuyankha. Tesla imanena poyera kuti zowonongeka chifukwa cholekerera batire kufika pa 0 siziwerengedwa pa pangano lake lokonza ulere. Ma Model 3 ena ali ndi batire la mtundu wotchedwa LFP, limene kampani imati muzilidzaza kamodzi pa sabata. Langizo limenelo ndi la galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku. Yoimikidwa nthawi yaitali, moto wapakatikati ndiwo wabwino.

3. Malo oisiya. Ngati muli ndi tchaja pakhomo, kapena mnzanu wakutchalitchi ali nayo ndipo ali ndi malo, nkhani yatha. Lumikizani chingwe, ikani malire a kutchaja pa 50 kapena 60 peresenti, muchoke. Galimoto izidziwonjezera yokha moto ukatsika, ndipo iyi ndiyo njira imene Tesla imalimbikitsa. Mukasankha soketi wamba ya m'nyumba, ionedwe kaye ndi wodziwa zamagetsi, ndipo musalumikize zingwe zowonjezera zoti zikhale pamvula mwezi wathunthu. Ngati tchaja palibe, isiyeni pa 70 kapena 80 peresenti, zodya moto zonse zitazimitsidwa.

Za Heathrow, tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera ku Leicester ndi mamailosi pafupifupi 100, ndipo pa msewu wa M1 nyengo yozizira mtunda umenewo utha kudya theka la batire kapena kupitirira. Mukafika ndi 40 peresenti n'kuisiya masiku 42, mwasewera ndi moto weniweni. Mukakakamira njira imeneyi, muyenera kutchaja pafupi ndi bwalolo musanaimike, ndipo pobwera, mutatopa ndi ulendo wochokera ku Lilongwe, muyambenso kufunafuna potchajira. Onjezanipo ndalama zoimikira galimoto pabwalo la ndege masabata 6. Ine ndikadakhala inu ndikadakwera basi ya National Express, galimoto n'kutsala kunyumba.

4. Tsopano ndikudzudzuleni inuyo. Ndikukuonani kale muli ku Dedza, anzanu akusenda mbatata ndi kupeta mpunga wa ukwati, inu mwaima pachulu mwakweza foni kusaka netiweki kuti muone maperesenti. Dziwani kuti mukatsegula pulogalamu ya Tesla pafoni, galimoto imatha kudzuka, ndipo imatenga kanthawi kuti igonenso. Ili ngati khanda: mukamalisuzumira ndi kuligwedeza kuti muone ngati likupuma, ndinu amene mukulilanda tulo. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Ngati mudalumikiza mapulogalamu ena olemba maulendo a galimotoyo, aimitseni, chifukwa ena amaifunsa mafunso usana ndi usiku. Ndipo kumbukirani kuti mng'ono wanu sadzaiwala ngati mkulu wake adabwera ndi thupi lokha, mtima utatsala ku Leicester.

5. Alamu anu. Sindikuwaganizira zoipa, mwina akufunadi kuthandiza. Koma galimoto ya magetsi sifuna kuyendetsedwa kuti ikhale bwino, choncho musadzimve wokakamizika. Ku Britain kuyendetsa galimoto popanda inshuwalansi yokuphimba ndi mlandu, ndipo mwini wake amene walola zimenezo nayenso amalakwira lamulo. Mukafuna kuwabwereka, aikeni kaye pa inshuwalansi yanu, ndipo mugwirizane poyera kuti itagunda adzalipira ndani. Maubale ambiri adasweka chifukwa chochita manyazi kufunsa funso limeneli pachiyambi. Ngati mtima wanu ukukana, apatseni ntchito ina yaulemu: azidutsa kamodzi pa sabata kuona ngati chingwe chili m'malo ndiponso ngati matayala ali bwino. Amene alankhule nawo ndi bambo akunyumba, poti ndi m'bale wawo, kuti mawu oti mlamu ndi womana asakugwereni inu.

6. Pobwera mu Januwale musadzidzimuke. Batire lozizira limasonyeza mtunda wochepa, ndipo pasikirini mutha kuona kachizindikiro kabuluu ka chipale chofewa. Moto umenewo sunatayike, umabwerera batire likafunda. Yatsani chotenthetsera m'kati kudzera pafoni galimoto ikadali pa chingwe, kuti kutenthako kuchokere ku magetsi a m'nyumba. Pimani mpweya wa m'matayala, chifukwa umatsika m'chisanu ndipo tayala lofewa limadya moto. Mabuleki akalira pang'ono poyamba, ndi dzimbiri la chinyontho, limachoka mukaponda kangapo. Yendani mofatsa poyambapo, pakuti batire likazizira galimoto sidzichepetsera liwiro mwamphamvu monga mudazolowera mukachotsa phazi.

7. Za mkangano wanu. Nonse awiri mukuopa chinthu chimodzi, kutaya chimene mwakhetsera thukuta. Bambo akubisa mantha awo m'mawu olamula, inu mukuwasenza usiku pabedi. Musawapititsire tsamba lino ngati chigamulo cha khoti choti mwapambana. Safunsa adadya phula: tsegulani limodzi buku la malangizo, lili pasikirini ya galimoto yomweyo, muwerenge gawo la batire. Kenako yesani musanapite. Lachisanu madzulo zimitsani Sentry Mode, lembani peresenti papepala, ndipo pasapezeke wotsegula pulogalamu pafoni mpaka Lolemba m'mawa. Nambala imene mudzaione ndi ya galimoto yanu yomwe, pamalo panu pomwe, ndipo idzakuuzani nonse awiri moto woyenera kusiya.

Malume